Nyika kapena Mulanje: ulendo wa pamwamba pa phiri kwa ife a ku Lilongwe

Ife a pa Lilongwe mapiri awiri otchuka a dziko lino anatiika pakati. Kumpoto kuli Nyika, kummwera kuli Mulanje, ndipo konseko ulendo wake umadya tsiku lathunthu. Amene anakwerapo Bunda, Nkhoma kapena phiri la Dedza, miyendo ikazolowera, amayamba kufunsana kuti tsopano tilowere kuti. Ambiri chimene akufuna si nsonga yokha ayi, koma malo aja a pamwamba kumene mitengo imathera, n'kutsala udzu waufupi, maluwa, timitsinje tozizira ndi mphepo. Malo oterewa aliko ku Nyika, aliko ku Mulanje, koma kafikidwe kake n'kosiyana kwambiri. Ku Nyika chovutika ndi galimoto ndi thumba lanu. Ku Mulanje yovutika ndi miyendo.

Wopita ku Nyika amatenga msewu wa M1 kudzera ku Kasungu, Jenda ndi Chikangawa mpaka Mzuzu, makilomita pafupifupi 360, kenako Ekwendeni, n'kukapatukira ku Rumphi. Mpaka pamenepa basi ndi minibasi zikufikitsani. Nkhani imayambira pa Rumphipo. Kuchoka pa boma kukafika ku Chelinda, komwe kuli malo ogona alendo, ndi makilomita oposa 100, ndipo mbali yaikulu ndi msewu wafumbi. Mumadutsa ku Bolero, n'kufika pa geti la Thazima lolowera m'paki ya Nyika, n'kumati tafika, chonsecho kutsogoloko kwatsala mtunda wina wofanana ndi umene mwayenda kuchokera pa boma, wokwezeka komanso wokhotakhota. Ka Sienta kamene kamakutumikirani bwino m'misewu ya ku Area 25 kasiyeni pakhomo. Kumeneku kumafuna galimoto yaitali miyendo, yokoka ndi matayala onse anayi, makamaka mvula ikayamba. Mafuta omaliza mumathira pa Rumphi, ndiye m'masiku amene mizere yatalika m'mafilingi, muwerengeretu za ulendo wobwerera musanayambe kukwera. Matola opita ku Nthalire ndi ku Chitipa amadutsa m'pakimo, koma amakutsitsani pamphambano, Chelinda akadali patali, ndipo pamenepo palibe kabaza wokudikirani.

Ku Mulanje munthu wopanda galimoto amafika bwinobwino. Basi ya m'mamawa ya ku Blantyre, minibasi pa Limbe yodzera ku Thyolo kapena msewu wa Midima, kutsika pa Chitakale, kenako njinga yamoto kapena galimoto ya ku Phalombe mpaka pa Likhubula. Dzuwa likamalowa muli m'tsinde mwa phiri. Pa Likhubula pali ofesi ya zankhalango, pomwe mumalembetsa, kulipira polowera, ndi kupeza gaidi ndi anyamata onyamula katundu. Kwa gulu la anzanu a ku ofesi kapena achinyamata a kumpingo amene mukusonkherana ndalama, mfundo iyi yokha ikhoza kuthetsa mkangano.

Koma tinene za udzuwo, poti ndi umene tikuupitira. Apa ine sindikayika: Nyika ilibe mnzake. Ndi paki yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi, masikweya kilomita oposa 3,000. Inakhazikitsidwa mu 1965 n'kukuzidwa mu 1978, ndipo pokuzapo mabanja ambiri anasamutsidwa m'malo a makolo awo, nkhani imene akuluakulu a m'midzi yozungulira sanaiwale. Pamwamba pake, mamita oposa 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pali zitunda zoulungika ngati mitanda ya nsima m'mbale, china kuseri kwa chinzake mpaka kumene maso alekezera. M'makwawa mwake muli madambo ndi timagulu ta nkhalango zobiriwira. Mukamayenda mumaona mbidzi zikudya msipu, ntchefu, chilembwe, mphoyo ndi njiri, zina pafupi kwambiri moti foni wamba imajambula bwino. Nyalugwe ndi afisi aliko, ndipo mu 2017 anasamutsirako njovu 34 kuchokera ku Liwonde. N'chifukwa chake maulendo aatali a pansi mumayenda ndi msilikali wa paki wonyamula mfuti. Mitundu ya mbalame imaposa 400. Maluwa a mtundu wa chinaka, aja amene mizu yake ena amapangira chikande, alipo mitundu yoposa 200, ndipo kukumba mizuyi mobisa ndi limodzi mwa mavuto amene oyang'anira paki akulimbana nawo, pamodzi ndi misampha ndi moto wolusa. Kuyambira 2023 boma likuyendetsa paki imeneyi mogwirizana ndi bungwe la Peace Parks Foundation.

Chokoma china n'chakuti galimoto imakhala itakukwezani kale. Mukadzuka pa Chelinda muli pamwamba. Mutha kuzungulira madamu a pafupi m'mawa umodzi, kupita ku Chosi kukaona dziko mbali zonse, kapena kukafika pa kanyanja ka Kaulime, kamene anthu a kumeneko amakalemekeza kuyambira kale. Nganda, nsonga yaitali kwambiri ya Nyika, ili pa mamita pafupifupi 2,600, koma kuikwera sikufuna kukwawa pa miyala: galimoto imakusiyani chapafupi, kotsalako n'kuyenda pa udzu. Agogo amene mawondo anayamba kudandaula, ana a pulayimale, onsewa ku Nyika amasangalala nawo. Wofuna kutuluka thukuta ali ndi njira ya masiku atatu yochoka ku Chelinda kukatsikira ku Livingstonia, kugona m'matenti, n'kukathera ku mishoni imene Robert Laws anaikhazika pa Khondowe mu 1894, pafupi ndi mathithi a Manchewe. Vuto la njira imeneyi ndi lakuti inu mumatulukira mbali ya kunyanja pomwe galimoto munaisiya ku Chelinda, ndiye pafunika dalaivala woti azungulire nayo kudzera ku Rumphi.

Mulanje sakupatsani kanthu musanalipire ndi mpweya. Kuchoka pa Likhubula mumakwera mamita pafupifupi 1,000 tsiku loyamba lomwelo. Njira ya Skyline yopita ku Chambe, limodzi mwa mabwalo a pamwamba pa phirili, ndi yachidule koma yoimirira, maola atatu kapena anayi kwa munthu wamphamvu zake. Ya Chapaluka ndi yotalikirapo, imatsata mtsinje ndipo imakudutsitsani pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba. Mukamakwera muli wefuwefu mumapatukira amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, ena osavala nsapato, ndipo manyazi amakugwirani pang'ono ndi majombo anu ogula pa kaunjika wa ku Tsoka. Njira zomwezi ndi zimene othamanga a mpikisano wa Porters Race amadutsamo chaka ndi chaka m'nyengo yozizira, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula m'maola ochepa, mtunda umene ife timauyenda masiku awiri kapena atatu.

Mukafika pamwamba mumapeza kuti Mulanje si chigwa chimodzi chotambalala. Ndi mabwalo angapo a udzu, pa mamita 1,800 mpaka 2,000 kapena kuposerapo pang'ono, olekanitsidwa ndi nsonga za miyala ndi maphompho. Chambe ndi wotchuka chifukwa cha thanthwe lake lalikulu, koma m'chigwa chake munali munda wa paini umene unadulidwa, ndipo zipsera zikuonekabe. Wofuna udzu weniweni apite ku Lichenya, kumene bwalo lake ndi lotakasuka ndipo kumphepete kwake mumasuzumira minda ya tiyi ili pansi penipeni. Mbali ya kummawa, ku Sombani, Chinzama ndi Madzeka, anthu ndi ochepa, ndipo mutha kuyambira ku Fort Lister, mbali ya Phalombe. Nyama zikuluzikulu musayembekezere. Mukaona anyani, mbira pa miyala kapena chinkhoma chikudumpha, mwachita mwayi. Chimene Mulanje ali nacho ndi madzi ndi miyala: mitsinje yoyera mbee, maiwe osambiramo wolimba mtima, ndi nsonga zimene mitambo imazizinga m'chiuno. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera pa phiri lokhali, unatha pafupifupi wonse ndi macheka a anthu odula mobisa. Zimene muone kwambiri ndi zitsa ndi mbande zimene a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akubzala. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amene amalitenga ngati mokhala mizimu ya makolo. Gaidi akakuuzani kuti apa tisachite phokoso, mverani.

Za Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, ndinene mosabisa: paulendo woyamba musiyeni. Kumeneko kulibe udzu, ndi miyala yokhayokha, kukwawa ndi manja ndi kudzipanikiza m'mipata, tsiku lonse kupita ndi kubwerera pa nyumba yogona ya Chisepo. Magulu ambiri amathera mphamvu zonse pa chithunzi chimodzi cha pansonga, n'kutsika osaona Lichenya. Anthu anatayikako, ndipo mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil amene anapitirira yekha wopanda gaidi anapezeka atamwalira.

Pa malo ogona ndi pamene thumba limalankhula. Ku Mulanje kuli nyumba pafupifupi khumi zomwazikana pa phiri, zambiri zamatabwa, zotalikirana maola ochepa, iliyonse ndi mlonda wake amene amasonkha moto ndi kutunga madzi. Mulibe magetsi, mulibe sitolo. Ufa, mpunga, usipa, masoya, shuga, masamba a tiyi, machesi, tochi, bulangete lochindikala, zonse mumakwera nazo, ndipo mukumbukire kuti gaidi ndi onyamula katundu nawonso ndi anthu, mugwirizane za chakudya chawo ndi malipiro awo musananyamuke, osati mutafika kale pamwamba. Pali nyumba ina ya mpingo wa CCAP ku Lichenya imene magulu a kumpingo amaikonda. Mtengo wogona m'nyumbazi ndi wofikirika kwa munthu wa malipiro a pamwezi. Ku Chelinda kuli loji ndi nyumba zogona zokhala ndi malo osonkhapo moto ndi madzi otentha, koma mitengo yake inapangidwira alendo obwera ndi madola. Chotsika mtengo ndi kumanga tenti pa bwalo la misasa n'kumadziphikira. Polowa m'paki Amalawi timalipira zochepa kuyerekeza ndi alendo akunja, choncho chiphaso chaunzika chisatsale. Konse kuwiri tengani ndalama m'manja, netiweki ya Mpamba ndi Airtel Money ndi yosadalirika pamwamba.

Kuzizira n'kwa konsekonse, ndipo ife ozolowera June wa ku Lilongwe timakupeputsa. Ku Nyika m'miyezi ya June ndi July chisanu chimagwa usiku, udzu n'kuyera m'mawa. Koma mukazizidwa galimoto ili pafupi. Ku Mulanje choopsa ndi chiperoni: kumwamba kuli ngwee, mwadzidzidzi nkhungu yakuta phiri lonse, mvula yowaza yayamba, mnzanu ali patsogolo pang'ono simukumuonanso, ndipo zimatha kukhala choncho masiku angapo. M'dzinja mitsinje imadzadza m'kanthawi kochepa ndipo miyala imaterera. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumula mbali zina za phirili, ndiye za njira imene ili bwino funsani a pa Likhubula, osadalira zimene mnzanu anaona zaka zapitazo.

Nyengo yabwino ku Mulanje ndi kuyambira kumapeto kwa April mpaka August, udzu ukadali wobiriwira ndipo mitsinje yaphwa pang'ono. September ndi October kumatentha pokwera, ndipo utsi wa moto wa m'tchire umabisa dziko. Nyika ili ndi msampha wake: maluwa amachuluka kwambiri mu January ndi February, nthawi yomweyo imene msewu uli matope okhaokha. Wosafuna kukankha galimoto apite mu April kapena May. Maluwa adzakhala atachepa, koma zitunda zikadali zobiriwira.

Ena adzati bwanji osangopita ku Zomba. Phiri la Zomba ndi labwino pa Loweruka ndi Lamlungu, galimoto iliyonse imakwera mpaka Ku Chawe, ndipo kuli Chingwe's Hole ndi damu la Mulunguzi, koma mbali yaikulu ndi minda ya paini ndi malo odulidwa mitengo. Ndi koyeserako nsapato zatsopano, monganso phiri la Dedza, la mamita pafupifupi 2,200, limene mutha kukwera n'kubwerera ku Lilongwe tsiku lomwelo.

Ndiye kwa gulu lopanda galimoto yolimba, la anthu amiyendo yawo, ine ndingati Mulanje, ndipo njira yake ikhale Likhubula, Chambe, Lichenya, n'kutsika, kugona pamwamba usiku uwiri. Mukaphatikizapo tsiku lopita ndi lobwerera, onse pamodzi akwana masiku asanu, kutanthauza kuti holide ya pa 14 May kapena ya pa 6 July ikagundana ndi mapeto a sabata mungopempha masiku awiri ku ntchito. Kwa banja lokhala ndi ana ndi achikulire, kapena amene mtima wawo uli pa nyama ndi maluwa, Nyika ndiye yoyenera kuisungira ndalama, ngakhale zitatenga chaka. Musaipanikize m'masiku atatu, awiri adzathera mumsewu. Pezani anthu okwana galimoto imodzi kuti mafuta mugawane, mugone ku Mzuzu kapena pa Rumphi usiku woyamba, ndipo mulawirire m'mamawa kuti pa geti la Thazima mudutse dzuwa lisanapendeke.