Root canal ya dzino langa lokhota mizu, miyezi 9 yadutsa

Alamu anga andifunsa dzulo pa WhatsApp kuti "alamu, dzino munapangitsa root canal lija lili bwanji, nanenso andiuza ndisankhe kuzula kapena zomwezo." Ndawajambulira voice note ya mphindi 6 koma sinakwane, ndiye bola ndingolemba. Root canal ndi kuchotsa mtsempha wodwala mkati mwa dzino, kutsuka tinjira ta m'mizu yake n'kutitseka, m'malo mozula dzinolo.

Langa ndi lakumbuyo lam'mwamba, lija lalikulu timaswera chimanga chokazinga. Linaikidwa filling (chomata pabowo) ndili ku sekondale, ndipo adokotala anati dzino likakhala zaka likuvutika choncho limayamba kudzimata lokha mkati, tinjira ta mtsempha timachepa mpaka pa ekisire osaonekanso. Kuwonjezera apo muzu umodzi unali wokhota ngati chikwakwa.

Jekeseni ya dzanzi inagwira bwino, pampando sindinamve kuwawa, ululu wosagonetsa uja unatha tsiku lomwelo. Chotopetsa ndi kuyasama ola ndi theka maulendo atatu, timasingano tikukwecha mkati, kafungo ngati ka jik ka mankhwala otsukira kakubwera m'mphuno. Pamuzu wokhotawo anagwiritsa ta nickel-titanium tomwe timapinda kutsatira njira, eti kolimba kakhoza kuthyokera mkati kapena kuboola muzu pambali. Anapeza tinjira titatu, kutseka, kuveka crown (kachipewa kovindikira dzino), ine kulipira K380,000 ndikumapita ndili mwee.

Mwezi wachinayi ndi pomwe zinayamba. Osati kupweteka kwenikweni ayi, koma ndikatafuna nyama ndimamva ngati dzinolo latalika kuposa anzake. Kenako pankhama panatuluka kachithupsa, ndikakafinya kamatulutsa timafinya towawasa, kuphwa, pakatha sabata kabweranso. Ndinabwerera, anandilembera amoxicillin, "kamweni zitha." Zinatha masabata awiri basi. Ulendo wina anapala crown pang'ono kuti mwina ikumagunda msanga, palibe chinasintha, ndipo wachitatu mtsikana wapa reception anandiuza kuti ndilipire kaye ya consultation, ine ndili ndi mafinya mkamwa ochokera pa ntchito yawo yomwe, apa ndinangotuluka osatsanzika.

Mnzanga wakuntchito ndi amene anandilozera kwa adokotala ena, aja amavala magalasi okulitsa okhala ndi katochi pamphumi. Atangoona ekisire anandifunsa kuti anakutsekani tingati, ndikuti titatu, anangogwedeza mutu. Akuti dzino limeneli nthawi zambiri limakhala ndi tinayi, kachinayi amakatcha MB2, kamabisala pamuzu wakutsogolo cha kutsaya, ndipo kwa ine pakhomo pake panali patamatika gwaa ndiye tizilombo tinangotsala momwemo kumadya phwando. Anaboola crown pamwamba, kufukula pang'onopang'ono mwina mphindi 40 osayankhula, ine khosi litauma, kenako ndinangomva "eya, ndi aka." Fungo linatuluka pamenepo abale, ngati watsegula poto wa nyemba zogona masiku atatu. Kachithupsa kanauma pasanathe masabata awiri ndipo sikanabwerenso.

Bilu yachiwiri K250,000. Sikimu ya kuntchito inali itatha kale malire ake a mano chaka chimenecho ndiye zonse zinachoka m'thumba, mwezi womwe ana amatsegulira sukulu. Ndinatenga ekisire yatsopano kupita nayo koyamba kuja kuti andibwezereko ngakhale theka. Anandionetsa fomu yomwe ndinasaina yonena kuti si root canal iliyonse imatheka. Fomuyo ndinasainadi, sindikukana, koma ngakhale "pepani" sanamutchule.

Ndikamakukuta chimanga mbali imeneyo ndimati ndalama inagwira ntchito, dzino ndi langa lomwe, palibe gweru. Ndikakumbuka kuti ndi K630,000 pa dzino limodzi, lomwe crown yake ili ndi chigamba pamwamba, mtima umabwerera m'mbuyo.

Alamu ndawauza kuti asazule msanga, koma asanakhale pampando afunse kuti pa ekisire tinjira tikuoneka tingati, ngati tatsekeka adokotalawo ali ndi zopezera, komanso zikavuta pakatha miyezi alipira ndani. Ndawapatsa nambala ya achiwiri aja. Oyambawo ndinawafufuta mufoni.