Colortune: pulagi yokhala ndi kazenera koonera moto mu injini

Amakaniko akale amatchuna kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, ndi khutu basi, ndipo ena amaitha ntchitoyo mochititsa kaso. Khutu langa silifika pamenepo, n'chifukwa chake ndinagula Colortune ya kampani ya Gunson kuti ndiziikonzera ndekha Corolla yanga ya injini ya 4K. Kachipangizoka ndi pulagi ndithu, koma pakati pake pali galasi. Mumamasula pulagi imodzi n'kumangapo iyiyi, kulumikiza waya wa moto ku kachingwe kamene imabwera nako, kuliza injini, basi lawi la m'silinda mukulionera ndi maso anu. Mulinso kapaipi kokhala ndi kalilole kothandiza pamene dzenje la pulagi lili pobisika.

Chimene ndaikondera n'chakuti lawi silinama. Petulo amapsa bwino mpweya ukakhala magawo 14.7 pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera kwake. Mafuta akachuluka lawi limakhala lachikasu, akafika pa mlingo limasanduka labuluu ngati la mbaula ya gasi, ndipo akachepa limatuwa n'kumadukizadukiza. Lawi la injini yanga linali lachikasu kwambiri, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake mapulagi ankada mwaye, ekisozi n'kumanunkha petulo wosapsa.

Injini iyambe yatentha ndi mapulagi ake a masiku onse, choke (kachitseko kochepetsa mpweya poliza injini yozizira) itatseguka yonse. Kenako, Colortune itamangidwa, sikuluu ya pa kabuleta ya mafuta a idling (kulira kwa injini osaponda moto) muziipotokola pang'onopang'ono, kota ya mzungulo kapena kucheperapo, n'kudikira kaye kuti injini imve. Ine ndimaitulutsa mpaka chikasu chioneke, ndiye n'kumailowetsa mpaka chikasucho chitangotha, pomwepo n'kusiya. Idling ikakwera ndimaitsitsa ndi sikuluu ina, ya liwiro la idling. Mukaponda moto mwadzidzidzi muona chikasu chikung'anima kamphindi. Musadandaule, ndi kapampu ka m'kabuleta kakuthira mafuta owonjezera. Sikuluu ya mafutayo musaimange mwamphamvu ikafika pamapeto, chifukwa nsonga yake ndi yopyapyala, ikaphwanyika simudzatchunanso bwino.

Tsono amene akuyembekezera kuti galimoto isiyiratu kumwa mafuta chifukwa cha kachipangizo aka achepetseko chiyembekezo. Ntchito yake yeniyeni ili pa idling. Si pulagi yoyendera pamsewu, ndipo siyenera kukhala nthawi yaitali pa injini yotentha, choncho zimene zimachitika mukamathamanga kapena kukwera chitunda ndi katundu simungazione. Kumeneko akulamula ndi main jet (kabowo kakakulu kotulukira petulo m'kabuleta) komanso mlingo wa float (kachoyandama kosunga mlingo wa petulo m'kabuleta), ndipo sikuluu ya mafuta ija ilibe mphamvu kwenikweni. Kwa ine kusintha kwaonekera m'misewu yodzaza momwe mumangoima n'kunyamuka: injini inasiya kuthima pamphambano ndipo fungo la petulo linatha. Paulendo wautali kusiyana kwake n'kochepa.

Lawi labuluu limavuta kuliona padzuwa. Ndimagwira ntchitoyi madzulo kapena mumthunzi, ndipo galasi likada ndi mwaye ndimalipukuta injini itazizira.

Musanamange Colortune n'komwe, onani fyuluta ya mpweya, timing (nthawi imene mapulagi amatulutsira moto), ndi mapaipi a vacuum oyamwa mpweya. Paipi yong'ambika imalowetsa mpweya wakuba, lawi n'kutuwa, inu n'kumawonjezera mafuta pomwe vuto lili kwina. Ndipo musakopeke kuchepetsa mafuta mopitirira poganiza kuti mukupulumutsa ndalama. Injini yomanidwa petulo imatentha kwambiri, imaphulitsa mu ekisozi mukachotsa phazi, ndipo mukaumirira mavalavu amapsa.

Ngati galimoto yanu ili ndi makabuleta awiri, kapena njinga yamoto ya masilinda angapo, mpamene mungaiyamikire kwambiri, chifukwa mumaisuntha silinda ndi silinda n'kuona kuti wolakwa ndi uti. Pogula yang'anani kukula kwa mano a pulagi yanu. Magalimoto ambiri akale ndi a 14mm, pomwe njinga zamoto zambiri zimafuna ya 10mm kapena 12mm.