Kolimeta wamba kapena kristalo wopindika: njira ziwiri zotetezera maginito a LHC

Aliyense wogwira ntchito pa makina oombanitsa tizidutswa ta maatomu amadziwa kuti bimu, ndiwo mtsinje wa tizidutswa tozungulira m'makinamo, siiyenda yonse m'njira imene inakonzedwa, chifukwa nthawi zonse pamakhala tizidutswa tina tosokera m'mbali mwake. Pa LHC (Large Hadron Collider), makina otere ozungulira a ku CERN, malo a kafukufuku a pafupi ndi Geneva, bimu imodzi ya mapulotoni inakonzedwa kuti izisunga mphamvu yokwana ma megajoule 362, pamene maginito amene amaikhotetsa amakhala ozizira mpaka 1.9 K (pafupifupi -271 °C), ndipo kachigawo kochepetsetsa ka mphamvuyo kakalowa m'maginito kamachititsa quench, ndiko kuti waya wake amaleka kupititsa magetsi mopanda chopinga. Pali njira ziwiri zogwirira tosokerato tisanafike ku maginito, ndipo yabwino pa ziwirizi imadziwika poona chimene chikuzungulira m'makinamo, kaya ndi mapulotoni kapena maayoni a mtovu.

Njira yakale ndi ya makolimeta, zotchinga zogwira tosokera m'mbali mwa bimu, oikidwa motsatizana, amene ambiri ali pa gawo la makina lotchedwa Point 7. Woyamba ali ndi nsagwada ziwiri za kaboni zotalika masentimita 60, zimene zimayandikira bimu mpaka kusiya mpata wa mamilimita ochepa chabe. Ntchito yake si kumeza tizidutswa koma kutimwaza kuti tikagunde makolimeta achiwiri otalika mita imodzi, ndipo zotsalira zimagwidwa ndi nsagwada za tungsten, zina zili pomwepo, zina pafupi ndi ATLAS ndi CMS, zida zikuluzikulu zoonera kuombana kwa tizidutswa. Ubwino wake ndi kulimba: dongosololi linapangidwa kuti lipirire kutayika kwa 500 kW kwa masekondi 10, ndipo limagawira kutenthako ku makolimeta ambiri.

Chofooka chake chili m'kumwazako, pakuti kachidutswa kogunda kaboni kamatuluka kulowera kulikonse. Mapulotoni ena amataya mphamvu pang'ono chabe, amadutsa makolimeta achiwiri osawakhudza, kenaka maginito ozizira oyamba kutsogolo kwa Point 7 amawakhotetsa mopitirira muyezo mpaka kugunda khoma. Pa bimu ya mapulotoni, osokera otere amakhala ochepa, ndipo maginito amapirira. Kwa mtovu zinthu zimavuta kwambiri, chifukwa phata la atomu yake, lokhala ndi mapulotoni 82, likagunda kaboni limasweka n'kukhala zibenthu zimene kulemera kwake sikugwirizananso ndi mphamvu ya maginito, ndipo zibenthuzi zimakathera pa maginito ozizira omwe aja. N'chifukwa chake makolimeta wamba amayeretsa bimu ya mtovu moperewera kwambiri poyerekeza ndi ya mapulotoni, ngakhale kuti bimu ya mtovu imasunga mphamvu yochepa kwambiri.

Kristalo amagwira ntchito mwa njira ina. Ndi kachidutswa ka silikoni kotalika mamilimita 4, kopindidwa pang'ono kwambiri, ndi ma microradian 50 (pafupifupi madigiri 0.003), koikidwa m'malo mwa kolimeta woyamba. Kachidutswa kosokera kakalowa molunjika pakati pa mizere ya maatomu a kristaloyo, kamatsekeredwa m'menemo n'kutsata kupindikako, monga madzi atsata ngalande, ndipo kamatuluka kataloza ku kolimeta wachiwiri amene akukayembekezera. Kuti maginito akhotetse pulotoni ya 7 TeV chotero pa mtunda wochepa ngati umenewu, pangafunike mphamvu ya pafupifupi 300 T (tesla, muyezo wa mphamvu ya maginito), pamene maginito aakulu a LHC anapangidwira 8.3 T. Chofunika kwambiri kwa mtovu n'chakuti phata loyenda pakati pa mizere siligundagunda maatomu, motero zibenthu zimachepa. Ganizo lokhotetsa tizidutswa ndi kristalo wopindika analipereka wasayansi Tsyganov mu 1976, gulu la ofufuza la UA9 linaliyesa pa SPS, makina ocheperapo a ku CERN, mu 2015 linaoneka likugwira ntchito pa LHC ndi mapulotoni a 6.5 TeV, ndipo mu 2023 makristalo anagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku pa nyengo ya mtovu. Chimene chinafulumizitsa zimenezi n'chakuti maginito a 11 T, amene akanatsegula malo oikapo makolimeta ena pakati pa maginito ozizira, sanaikidwe monga mmene anakonzera.

Komabe sindingalangize aliyense kuti akhulupirire kristalo monga mmene amakhulupirira nsagwada za kaboni. Pa mphamvu ya LHC kachidutswa kamalowa m'mizere pokhapokha ngati kristalo walunjika mosaphonya ndi ma microradian oposa awiri kapena atatu, ndipo akapendekeka pang'ono, ngakhale chifukwa cha kutentha kwa chomugwirizira, amasanduka silikoni wamba amene amamwaza mofooka kuposa kolimeta amene anamulowa m'malo. Oyendetsa makina amadziwa kuti walunjika poyang'ana zoyezera kutayika kwa bimu: chapafupi ndi kristalo chimatsika, cha pa kolimeta womeza chimakwera. Kuyang'anaku kuyenera kupitirira nthawi yonse imene bimu ikuzungulira, makamaka pokweza mphamvu, chifukwa mpata wololeka umachepa mphamvu ikamakwera.

Vuto lachiwiri ndilo limene limandichititsa kukana kristalo pa mapulotoni ochuluka. Chimene chimamupangitsa kukhala wabwino, kusonkhanitsa tosokera tonse pa malo amodzi, chimatanthauzanso kuti bimu ikayamba kutayika mofulumira, ma kW mazanamazana amagwera pa kadontho kamodzi ka kolimeta amene sanapangidwire katundu wotere. Pa mtovu mphamvuyo imapiririka, choncho pamenepo ndimasankha kristalo mosakayika, bola makolimeta achiwiri akhalebe m'malo awo.

Njira iliyonse imene yasankhidwa imadalirabe zoyezera zoposa 3500 zodzazidwa ndi nayitirojeni zimene zili m'mbali mwa makina onse, zimene zimawerenga kutayika pa ma microsecond 40 aliwonse n'kulamula kuti bimu itayidwe pa gawo lotchedwa Point 6 m'maulendo atatu okha ozungulira, ulendo uliwonse wotenga ma microsecond 89. Pogwiritsa ntchito kristalo, malire a zoyezera za pa maginito ozizira a kutsogolo kwa Point 7 ayenera kuikidwa poganizira nthawi imene kristaloyo wapendekeka, chifukwa pamenepo zibenthu za mtovu zimabwerera ku maginitowo mwadzidzidzi.