Miyezi 10 ndi Kuseri, galu amene ankathawa ndikawerama

Anthu akamva kuti tili ndi galu amayamba ndi funso limodzi: "Amaluma?" Ndikati ayi, amafunsanso, "Nanga kuuwa?" Ndikati mwa apo ndi apo, amandiyang'ana ngati munthu amene wagula njinga yopanda tcheni. Tsopano yakwana miyezi 10 chimutengereni, ndiye ndati ndifotokoze mmene zayendera, makamaka kwa amene akuganiza zotenga galu wotoledwa, wamantha ngati wathuyu.

Tinamutenga mu Malichi chaka chatha kwa mayi ena a konkuno ku Blantyre, amene amasunga agalu otoledwa pakhomo pawo podikira kuti apezeke owatenga. Anamupeza pafupi ndi msika wa Limbe, ali ndi chilonda cha waya chozungulira khosi lonse. Anakhala naye miyezi iwiri, anamubayitsa katemera, anamuchititsa opaleshoni yoti asamabereke, ndipo sanandinamize ngakhale pang'ono. Anati, "Bambo, ngati mukufuna mlonda, uyu musatenge. Amaopa amuna, amaopa ndodo ndi tsache, amaopanso munthu akawerama." Ziwiri zoyambazo ndinazimvetsa. Chachitatucho ndinangoseka.

Ndinasiya kuseka m'mawa wa tsiku lachiwiri, nditawerama pakhonde kuti ndimange zingwe za nsapato. Galu analira ngati wapondedwa ndi galimoto, n'kuthawa akudzikodzera. M'pamene ndinakumbukira zimene tonsefe tinaphunzitsidwa tili ana, kuti galu akakuthamangira uwerame ngati ukutola mwala, abwerera yekha. Ifeyo timaona ngati ndi nzeru yathu, koma kuti nzeruyo igwire ntchito ndiye kuti galuyo anagendedwapo kambirimbiri. Wathuyu sukulu imeneyo anaimaliza bwino ku Limbe. Anakabisala pakati pa khoma ndi mulu wa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo mwana wathu wamkazi atatopa kuyankha kuti "ali kuseri", dzina linangokhala lomwelo.

Sabata zoyambirira ndinazisokoneza ndekha. Ndinkafuna andizolowere msanga, ndiye ndinkamutsatira kunjerwako ndi nyama m'manja, kumuitana, kumuyang'ana m'maso. Tsiku lina ndinamukoleka chingwe m'khosi kuti ndimutulutse, osaganiza n'komwe za chipsera chija. Anadzigwetsa pansi n'kumaphupha ngati nkhuku yodulidwa mutu, ndipo kwa masiku atatu ankadya usiku wokha tonse titagona. Mayi akunyumba anandiuza mosapsatira kuti, "Abambo, musiyeni. Mlendo sakakamizidwa kucheza."

Chimene chinathandiza chinali chochititsa manyazi pang'ono kwa munthu wamkulu ngati ine: kukhala pansi pakhonde, chammbali, osamuyang'ana, kuponya kachidutswa ka chakudya chapatali, kenako n'kudzuka pang'onopang'ono kulowa m'nyumba. Tsiku ndi tsiku, nthawi yomweyomweyo. Mwana wathu sanachite kuphunzitsidwa zimenezi. Ankangoyala mphasa n'kumalemba za kusukulu, ndipo patatha sabata ziwiri galu anali atagona pamphepete pa mphasayo. Mayi ake anawalandira patatha mwezi. Ine, amene ndimagula chakudya chake, ndinadikira mpaka Juni, m'masiku a chiperoni, pomwe anabwera kudzanunkhiza phazi langa n'kubwerera msanga ngati waba. Sindibisa, zinkandiwawa. Za chingwe cha m'khosi tinaziiwala. Mkulu wina wosoka nsapato kuno ku Chilomoni anatisokera chomangira cha pachifuwa kuchokera ku malamba a chikwama chakale, ndipo mpaka lero ndi chimene timayendera naye, m'mamawa anthu asanachuluke mumsewu.

Malangizo a aneba sanasowe. Wina anati timuthirire tsabola m'chakudya, wina anati mavu, wina anati azitsekeredwa m'khola usana wonse osaona munthu, alusa yekha. Zonsezo ndinakana. Galu wamantha ukamupanikiza sasanduka wolimba mtima, amangosanduka woluma mosayembekezeka, ndipo woyamba kulumidwa amakhala mwana wa m'nyumba momwemo. Pa chifukwa chomwecho nkhani ya katemera wa chiwewe sindiseweretsa. A bungwe la Mission Rabies, lolimbana ndi chiwewe, akhala akubaya agalu ulere mu Blantyre muno kuyambira 2015, pofuna kufikira agalu 70 pa 100 alionse, chifukwa pamenepo m'pamene matendawa amaleka kufala. Kuseri sakanatha kuima pamzere wa agalu ndi ana ochita phokoso, mwayi anali atabayidwa kale ndipo pepala lake tili nalo. Chaka chino ndikonza zoti adzabayidwe pakhomo. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, ndiye ana onse amene amasewera pano ndinawauza kuti akalumidwa kapena kukalidwa ndi galu aliyense, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo.

Chakudya sichinavute. Phala la mgaiwa lolimbirako, bonya wowiritsa wopanda mchere, nthawi zina dzira kapena maungu. Anabwera akulemera makilogalamu 11, pano ali pa 16. Chimene sindinkadziwa n'chakuti msuzi wotsala wa ndiwo zathu si wabwino kwa iye chifukwa cha anyezi, amene amawononga magazi a galu, komanso kuti mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kubaya m'mimba. Mankhwala a njoka za m'mimba timamupatsa miyezi itatu iliyonse.

Chimene ndikufuna aliyense wotenga galu wotere amve bwino ndi cha mu Okutobala. Galu wosangalala akadwala umadziwa tsiku lomwelo, chifukwa sakuthamangira pageti. Nanga galu amene kubisala ndi khalidwe lake? Kuseri anabwerera kunjerwa kuja, ife n'kumati mwina wina wamuopseza. Tsiku loyamba anasiya theka la phala, tinati ndi kutentha. Lachiwiri sanadye. Lachitatu mwana uja anakwawira komweko n'kubwera akulira, akuti galu akutentha thupi ndipo sakudzuka. Mayi ake atakweza mlomo wa galuyo anapeza nkhama zayera ngati pepala. Tinamukulunga m'bulangete mpaka kwa dokotala wa ziweto, amene anatenga kadontho ka magazi pakhutu, kuyang'ana pa makina, n'kutiuza kuti ndi matenda obwera ndi nkhupakupa, ndipo tikanachedwanso pang'ono tikanakumba dzenje. Nkhupakupazo zinali m'makutu ndi pakati pa zala, malo amene sankalola kugwiridwa, ife n'kumamulemekeza posamugwira. Jakisoni ndi mapiritsi zinamudzutsa, koma popeza ndine amene ndinamunyamula, anandikwiyira sabata ziwiri zathunthu. Kuyambira pamenepo timagula piritsi lotafuna lopha nkhupakupa, logwira masabata 12. Mtengo wake umandipweteka mutu ulendo uliwonse, komabe kumusambitsa ndi mankhwala a dibi galu woopa ndowa ndi ntchito ya anthu atatu. Pano lamulo la pakhomo n'lakuti akangosiya chakudya kawiri motsatizana, tiyang'ane nkhama.

Za ulonda, ndinene zoona zake. Munthu akagwira geti usiku amauwa, kuuwa kwake kokuya kosiyana ndi kwa masana, koma amauwira kuseri kwa nyumba. Ndi belu, si mlonda. Kwa ine n'zokwanira, chifukwa ndimadzuka, koma amene akufuna galu woti akuba azimva mbiri yake asadzivutitse.

Mabingu a mu Novembala anawapirira ali pansi pa tebulo la kukhitchini, ndipo umo ndi mmene anayambira kulowa m'nyumba. Makombola a pa 31 Disembala ndiwo anatigonjetsa. Ndinali nditaganiza zomutsekera m'nyumba nthawi ikamayandikira 12 koloko, osadziwa kuti anyamata ayamba kuphulitsa cha m'ma 9. Anakumba pansi pa mpanda n'kuzimirira. Tinayenda ndi matochi mpaka chakumunsi kwa Michiru, mtima uli m'mwamba poganiza za afisi, osamupeza. M'mawa mtsikana wina wogulitsa mandasi anatilozera kangalande ka pansi pa msewu, mtunda wosakwana mphindi zisanu kuchokera pakhomo. Ine ndinaitana mpaka mawu kusasa, iye zii. Mwana uja atangokhala pansi pakamwa pa ngalandeyo n'kuyamba kuimba kanyimbo kawo ka kusukulu, anatuluka ali matope okhaokha.

Ndikanati ndiyambirenso, ndikanamutenganso, ndipo ndikanamutengabe kwa munthu amene wakhala naye m'nyumba osati kwa ogulitsa tiagalu m'mbali mwa msewu. Chilichonse chimene mayi aja anandichenjeza chinapherezera, ndipo ulendo uliwonse ndikawaimbira foni ankayankha. Koma pakhomo pafunika mpanda wabwino, munthu mmodzi wokhalapo masana, ndi ana omva akauzidwa kuti musamuthamangitse. Mantha ake sanathe, angochepa malo. Tsache la m'manja mwa mayi akunyumba saliopanso, la m'manja mwanga amaliopabe. Alendo aamuna timawapempha kuti akhale pansi kaye asanayambe kulankhula mokweza. Nsapato ndimamangirabe kuchipinda.

Mayeso otsatira akubwera mwezi wamawa. Apongozi aamuna akubwera kuchokera ku Ntcheu kudzakhala nafe sabata ziwiri, ndipo amayendera ndodo. Mayi akunyumba akuti nkhani ya ndodoyo aikamba okha ndi bambo awo. Yoti galu amagona kukhitchini andisiyira ine.