Teleconverter, kukropa, kapena kungolimba mtima kugula lenzi yaitali?

Anzanga ojambula mbalame ndi mpira, vuto lake mukulidziwa, lenzi yathera pa 200mm kapena 300mm koma nkhwazi ija ku Liwonde ikuonekabe kadontho pamwamba pamtengo. Njira zilipo zitatu ndipo iliyonse imakulandani kena kake.

Teleconverter ndi kagalasi koika pakati pa kamera ndi lenzi, kamakulitsa pakati pa chithunzi ndi 1.4x kapena 2x, a Nikon alinso ndi 1.7x. Kungoti kuwala kolowa ndi komwe kuja, kamangokumwaza malo aakulu, ndiye 1.4x imadya stop imodzi (ndiko kuti theka la kuwala), 2x imadya ziwiri. Lenzi ya 70-200 f/2.8 mukaiveka 2x imakhala 140-400 f/5.6 (nambala ya f ikakula, kuwala kofika pa chithunzi kumachepa), masana zili bho ndithu. 300 f/4 ndi 1.4x mwapeza 420 f/5.6, iyi ndiye ndimaikonda, chithunzi chimatulukabe chakuthwa ndipo m'chikwama simulemera, ya Canon 1.4x III ndi magalamu 225 okha basi. Chinanso chokoma, lenzi imafokasabe pafupi ngati kale, ndiye agulugufe ndi abuluzi amadzaza fulemu bwinobwino.

Koma taiikani pa lenzi yakuda kale, yolowetsa kuwala kochepa, muone. 100-400 yothera pa f/5.6 ndi 1.4x ndi 560 f/8, ndi 2x ndi 800 f/11, apa pa ma DSLR (makamera okhala ndi kalilole mkati) ambiri akale autofocus, fokasi yodzichitira yokha ija, imangosakasaka kapena kukaniratu chifukwa imafuna f/5.6, ena ngati Canon 7D Mark II ndi Nikon D500 amakwanitsa f/8 koma pa timapointi tochepa, mirrorless (kamera yopanda kalilole) ndiye imayesetsa koma liwiro la fokasi limatsikabe, ISO (mmene kamera imamvera kuwala) ikukwera, liwiro la shata likutsika, mbalame yauluka inu mukadali pompo. Mpira wamadzulo pa Bingu Stadium magetsi atayaka musayerekeze nkomwe ndi f/8. Komanso ngati lenzi ili yofewa teleconverter imakulitsa ndi kufewa komweko.

Musanatumize ndalama kwa wachibale ku Joni kuti akugulireni teleconverter, onani kaye ngati ikulowa pa lenzi yanu. Za Canon ndi Nikon zili ndi galasi lotulukira kutsogolo, pa 18-55 kapena 75-300 zija zobwera ndi kamera sizimangika ayi. Ya kampani ya Kenko imalowa pa malenzi ambiri, eya, koma kulowa kokha sikuti chithunzi chikoma.

Kukropa, ndiko kudula m'mbali mwa chithunzi mutajambula kale, ndi kwaulere ndipo ambiri timakupeputsa. Kamera ya 24 megapixel mukadula kuti zifanane ndi 1.4x mutsala ndi 12, mukafananiza ndi 2x mutsala ndi 6. 12 imakwana pa Facebook, pa nyuzi ngakhale kusindikiza A4, kuwala simunataye, fokasi ikuthamanga mmene imachitira. Ine kwa munthu wa 70-300 yothera f/5.6 ndinganene kuti kropani basi, ndalamayo ikagwire zina. Ndipo ngati kamera yanu ndi APS-C, ya sensa yocheperako ija, mwakropa kale, 1.5x pa Nikon ndi Sony, 1.6x pa Canon.

Lenzi yaitali yeniyeni, kaya Sigma kaya Tamron 150-600, Nikon 200-500 f/5.6, Sony 200-600, imaposa zonse ngati mbalame ndiye moyo wanu. Mtengo ndi wina ndithu, kulemeranso pafupifupi makilo awiri kapena kupitirira, pa boti pa Shire mkono umamva, monopod, ndodo ya mwendo umodzi yochirikizira kamera, imafunika.

Ndiye amene muli kale ndi 70-200 f/2.8 kapena 300 f/4 gulani 1.4x mosakayika, 2x ndingoilola pa f/2.8 pokha. Koma zonse zitatuzi kukatentha masana a Okutobala mpweya uja ukamanyezimira pamwamba pa dambo, njovu ili kutali imatuluka yosungunuka kaya muli pa 400 kaya pa 800, dzukani m'mamawa ndipo muuzeni wa boti akusendezeni pafupi.