Kiliniki imene sinatibweze ndi mapiritsi ochepetsa ululu

Mwana wanga wamwamuna wa zaka 9 anadzuka tsiku lina bondo lakumanzere litatupa ndiponso likutentha, moti sankalola kuti munthu alikhudze ngakhale pang'ono. Agogo ake ankafuna kuti atemedwe mphini, pamene ine ndinkaganiza kuti wabinya pa mpira, choncho kwa masiku awiri ndinkangomupatsa ibuprofen. Tsiku lachitatu tinapita ku kiliniki ina yaumwini m'tauni muno mwa Chipata, ndipo ndikufuna makolo anzanga adziwe mmene tinathandizidwira.

Atamuyeza malungo n'kupeza kuti alibe, adokotala sanatibweze. Anamutenga magazi kuti ayeze CRP, puloteni imene imachuluka m'magazi m'thupi mukakhala kutupa, kenako anabaya singano m'bondomo n'kukoka madzi ambuu onga thobwa. Anandionetsa madziwo n'kundiuza kuti a m'bondo la munthu wabwinobwino amakhala oyera komanso onanda ngati choyera cha dzira, koma awa anali mafinya.

Chimene ndikuwayamikira kwambiri n'choti anakhala pansi n'kundifotokozera m'Chinyanja chomveka. Anati kawirikawiri matendawa amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus, amene amakhala pakhungu ndi m'mphuno ndipo amatha kufika m'bondo kudzera m'magazi. Thupi likamuona limatulutsa timapuloteni totchedwa ma cytokine, monga TNF-alpha, IL-1 ndi IL-6, timene timaitana maselo oyera a magazi kuti adzamenye nkhondo. Vuto n'lakuti nkhondoyo ikakula imadya chichereŵechereŵe chimene chimakuta nsonga za mafupa, ndipo chikadyeka sichibwereranso mwakale. N'chifukwa chake thupi lilinso ndi ma cytokine ena oziziritsa, monga IL-10 ndi TGF-beta, amene amaletsa anzawo aja kupyola malire. Mbewa zoyeserera zimene zilibe IL-10 zimaonongeka mfundo kwambiri zikagwidwa ndi bakiteriya yemweyu. Komabe kuziziritsako kukachuluka tizilombo tisanafe, timapeza mpata woswana. Apa ndinamvetsa kuti ibuprofen wanga uja ankangophimba kutentha kwa thupi pamene mafinya ankachulukirachulukira, ndiponso chifukwa chimene adokotala anakanira pempho langa la jakisoni wa steroid woziziritsa kutupa, ponena kuti mankhwala otere saperekedwa okha popanda maantibayotiki.

Tsiku lomwelo anatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu, anaimbanso foni kuti atiyembekezere. Kumeneko anatsuka bondolo m'chipinda cha opaleshoni n'kumuika pa dripi ya maantibayotiki, ndipo mankhwala onse pamodzi anamwa ndi kulandira kwa milungu 4. Ndimalemekeza kiliniki yodziwa polekezera mphamvu zake, yosakakamira wodwala chifukwa cha ndalama.

Zolakwika zilipo. Mafinya anawatumiza ku labotale ina kuti akadziwe mtundu wa bakiteriya, koma zotsatira zinatenga masiku 6, ndipo palibe anatiimbira mpaka ndinachita kukazilondola ndekha kawiri. Pa matenda amene amaononga mfundo m'masiku ochepa chabe, kuchedwa kotere n'kosayenera. Mtengo wa zoyezazo sanatiuzenso poyamba, tinangouona polipira.

Ngakhale zili choncho, mwana wina akatupa bondo kapena chiuno, thupi likutentha ndipo akukana kuponda pansi, ndidzapita naye komweko tsiku lomwelo. Wangayu tsopano akuyenda yekha kupita kusukulu, ngakhale kuti akakhala pansi nthawi yaitali bondolo limaumabe pang'ono.