Ndemanga: Galaja yomwe inayeza giyabokosi ya Corolla yanga isanaimasule

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya chaka cha 2004, ya giya ya otomatiki, yomwe inabwera kuchokera ku Japan itagwiritsidwa kale ntchito, ndipo tsopano yayenda makilomita oposa 240,000. Vuto limaonekera kwambiri pa chitunda cha msewu wa M1 pochoka ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, makamaka kukatentha m'mwezi wa Okutobala. Munthu ukadutsa pa Thabwa, injini imalira mokweza koma galimoto osawonjezera liwiro, muvi wosonyeza kutentha umakwera, ndipo fungo la chinthu chopserera limalowa mpaka m'kati. Amakaniko ena omwe ndinawafunsa anangomvera nkhaniyi n'kugamuliratu kuti ndigule giyabokosi ina, osatsegula ngakhale boneti.

Ku galaja ina ya mu mzinda wa Blantyre, yomwe ndikuyamikira pano, anayamba ndi kuyeza. Makaniko wamkulu anayendetsa galimotoyo mpaka itatentha, anaiimika pamalo osapendekeka injini ikulira, anadutsitsa ndodo ya giya kuchokera pa P mpaka pa L n'kubwereranso, kenaka anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi n'kudontheza pa pepala loyera. Oyilo amene amayenera kukhala wofiira anali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, wonunkha kupsa, komanso anali pansi pa mzere wolembedwa HOT. Anandifotokozera kuti akanakhala wotuwira, zikanatanthauza kuti madzi a mu rediyeta alowamo, chifukwa pa galimoto zimenezi oyilo wa giyabokosi amazizira podutsa m'kapaipi ka m'munsi mwa rediyetayo. Anawerenganso nthawi yomwe giya imatenga kuti igwire pochoka pa N kupita pa D, yomwe buku la Toyota limati isapitirire masekondi 1.2, ndipo yanga imachedwa moonekeratu.

Chomwe chinandikhutiritsa kwambiri n'chakuti sanalekanitse kutentha kwa injini ndi kuterereka kwa giya ngati matenda awiri osiyana. Anapeza kuti rediyeta inali itatsekeka ndi dzimbiri chifukwa chothiramo madzi wamba kwa nthawi yaitali, ndipo fani imazungulira mwaulesi. Rediyeta yotere imalephera kuziziritsa oyilo wa giyabokosi. Oyiloyo akatentha amasungunuka n'kutaya mphamvu yokankhira makilachi a m'kati, makilachiwo akamaterereka amawonjezera kutentha komweko, ndipo vutolo limangokulirakulira pa chitunda chilichonse. Makina awo oyezera, omwe amatha kuwerenga galimoto zopangidwira msika wa ku Japan, anatulutsa nambala ya vuto ya P0741, yokhudza kilachi ya mu torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi.

Atamasula chivindikiro cha pansi pa giyabokosi anandiitana kuti ndidzionere ndekha. Pa maginito ya m'chivindikiromo, yomwe imakola zinyenyeswa za chitsulo, panali phala lotuwa losalala pokhudza ndi chala, koma panalibe tizidutswa ta chitsulo, ndipo apa mpamene anati: "Bwana, giyabokosi yatopa koma siinafe." Anasintha sefa, rediyeta ndi mota ya fani, n'kuthira oyilo wa Toyota wa mtundu wa T-IV. Anakana kutsuka giyabokosi ndi makina opopera mwamphamvu, ponena kuti pa galimoto yakale chonchi zinyalala zikhoza kusunthika n'kutseka timabowo ta mavavu, choncho anasankha kukhetsa ndi kuthira pang'onopang'ono maulendo angapo.

Zodandaula zilipo. Galimoto inakhalitsa kupyola tsiku lomwe analonjeza popanda kundiimbira foni, ndipo lisiti lolongosola mtengo wa chipangizo chilichonse anandipatsa nditachita kulimbikira. Ndalama yoyezera yokha amalipiritsa padera, zomwe ena angadabwe nazo, ngakhale kwa ine n'zomveka poyerekeza ndi mtengo wa giyabokosi yogula kwa ogulitsa zipangizo zakale, yomwe sudziwa kuti inayenda bwanji.

Panopa galimoto ikukwera chitunda chija muvi wa kutentha uli pakati, ndipo giya ikugwira msanga. Kugwedezeka pang'ono posintha kuchoka pa giya yachiwiri kupita yachitatu kudakalipo m'mawa, ndipo iwo ananeneratu kuti oyilo watsopano sabwezeretsa makilachi omwe anadyeka kale. Anandilangiza kuzimitsa O/D, giya yomaliza yothamangira, pokwera mapiri ndi katundu, komanso kubwerera kuti akaonenso mtundu wa oyilo ndikayenda makilomita 5,000.